Ma ski a m'timafakitale ting'onoting'ono: kodi ndi olimbadi?

Kodi ski imapangidwa ndi chiyani?

Kuiona kunja imangokhala ngati thabwa lalitali lopenta bwino, lomwe anthu a ku Ulaya, America ndi Japan amatsetserekera pa chipale chofewa m'mapiri. Mukaidula pakati ndi pomwe mumaona kuti ndi zinthu zingapo zosanjikizana. Mtima wake ndi mtengo, kawirikawiri poplar, aspen, ash kapena beech, ndipo ena amaikamo nsungwi. Pamwamba ndi pansi pa mtengowo amayala nsalu ya fibreglass kapena carbon, nthawi zina ndi chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu chotchedwa Titanal, chopangidwa ku Austria. Pansi penipeni pamakhala pulasitiki woterera, ndipo m'mbali zonse ziwiri mumadutsa chitsulo chakuthwa chomwe chimaluma pamalo oundana munthu akamakhota. Zonsezi amazipaka guluu wa epoxy n'kuzipanikiza m'makina otentha mpaka zigwirane.

Nanga opanga ang'onoang'onowa ndi ati?

Msika waukulu uli m'manja mwa mayina ngati Rossignol ya ku France, Atomic ndi Fischer za ku Austria, ndi Völkl ya ku Germany. Pambali pawo pali timakampani ta antchito owerengeka. ON3P imapanga ma ski ake ku Portland, Moment ku Reno, Praxis pafupi ndi nyanja ya Tahoe, Wagner m'dera la Telluride ku Colorado. Koma dzina laling'ono lisakupusitseni. Black Crows ya ku Chamonix imakonza yokha kamangidwe ka ma ski ake koma amakawapangira m'mafakitale akuluakulu a ku Ulaya, ndipo ma ski a Icelantic amapanikizidwa mu fakitale ya Never Summer ku Denver. Palibe cholakwika pamenepo, kungoti wogula azidziwa chomwe akulipirira.

Kodi ndi zoona kuti amakhalitsa kuposa a makampani akuluakulu?

Ena inde, ndipo chifukwa chake n'choti mutha kuchiyeza ndi rula. Chomwe chimapha ski si chipale chofewacho ayi, ndi mwala wobisala pansi pake. Mwalawo umakumba pulasitiki wapansi mpaka kufika pamtima, kapena kukankhira chitsulo cha m'mbali m'kati. Madzi akalowa pamenepo n'kuundana, zigawo zija zimayamba kumatuka, ndipo ski yatha basi.

ON3P inatchuka poyankha vuto lomweli. Pulasitiki wake wapansi ndi wokhuthala mamilimita 1.8, pamene ma ski ambiri a m'sitolo amakhala chapafupi ndi 1.2, ndipo chitsulo chake cha m'mbali ndi mamilimita 2.5. Papepala kusiyanako n'kochepa. Koma nthawi iliyonse ski ikapita kokanoletsa, makina ndi tupa zimadyako pang'ono, choncho yokhuthala imapirira kunoledwa kambirimbiri isanathe. Onaninso m'mbali mwake: ski yomwe ili ndi khoma la pulasitiki wolimba wa ABS pamwamba pa chitsulo imalandira nkhonya bwino ndipo mmisiri amaikonza mosavuta, kusiyana ndi yomwe chophimba chapamwamba chimangopindikira pansi ngati chivindikiro.

Kulimbaku kuli ndi mtengo wake, womwe ndi kulemera. Njinga ya kabaza imanyamula matumba awiri a chimanga osadandaula, koma palibe amene angaisankhe pa mpikisano wokwera chitunda. Amene amakwera phiri ndi miyendo yake ski zili kuphazi amafuna mtima wopepuka wa paulownia ndi carbon, monga zomwe DPS ya ku Salt Lake City inadziwika nazo, ndipo amavomereza kuti mwala ukaimenya idzavulala msanga.

Kodi makampani akuluakulu amapambana pati?

Pa kufanana kwa katundu. Fakitale yomwe imatulutsa ma ski zikwizikwi ili ndi makina opera ndi kunola omwe kagulu ka amisiri khumi sikangakwanitse kugula, ndipo ski yakumanja imapindika chimodzimodzi ndi yakumanzere. Kwa opanga ang'onoang'ono zimachitika kuti ski yatsopano imafuna kukaperedwanso pansi isanayende bwino. Pa ski zothamanga pamalo olimba oundana, ine ndingadalire Austria ndi Germany osaganiza kawiri.

Nanga mtengo, ndalama yake imabwerera?

Zimatengera masiku omwe mudzakhale paphiri. Munthu wogwira ntchito ku London amene amapita ku Alps sabata imodzi pachaka, kapena wa ku Johannesburg wokacheza ku Afriski m'mapiri a Lesotho mu Julaye, sadzamaliza ski iliyonse ngakhale yotchipa. Kubwereka pomwepo kumamupindulira. Amene amakhala m'tsinde mwa phiri n'kumatsetsereka m'nkhalango ndi m'miyala nyengo yonse ndiye amaona phindu la chitsulo chokhuthala, chifukwa peyala imodzi imamufikitsa pomwe mnzake wagula kachiwiri.

Sitolo zimatsitsa kwambiri mitengo ya mayina akuluakulu nyengo yozizira ikamatha, pamene opanga ang'onoang'ono ambiri amatsitsira amene waitanitsiratu m'chilimwe. Wagner ndi nkhani ina: amakufunsani msinkhu, kulemera ndi katsetserekedwe kanu n'kukupangirani yanuyanu, pamtengo woposa kawiri wa ski wamba. Vuto lake limadza pogulitsa, chifukwa ski yopangidwira thupi lanu sikhala ndi ogula ambiri.

Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Funsani komwe ski inapanikizidwa, makulidwe a pansi ndi a chitsulo, ndi zaka za galanti. Ambiri amapereka chaka chimodzi kapena ziwiri, Icelantic imapereka zitatu, koma galanti imakhudza zolakwika za kufakitale, osati mwala womwe mwaugunda nokha. Ngati ski ndi yakaunjika, igwireni m'mphepete mwake ndi chala kuchokera kumutu mpaka kumchira, mumve ngati chitsulo chang'ambika kapena chatupa penapake. Werenganinso zibowo zomwe anabowola pomanga zogwira nsapato. Zikakhala kuti anabowolapo katatu kale, malo obowola anu atsala ochepa, ndipo mtengo utsike.