NKHONO YA M'KHUTU

Inu okhala ku Livingstone mudziwa kuti m'miyezi ya March ndi April, Zambezi atadzala, mkokomo wa mathithi a Mosi-oa-Tunya umveka usiku kufikira ku Maramba, cinkana madziwo agwa pa mtunda wa makilomita 10. Kodi mkokomowo ulowa bwanji mwa munthu? Khutu loonekali lingousonkhanitsa. Nchito yeniyeni icitika m'kati mwa pfupa la cigaza, m'kanthu kocepa ngati nsawawa, kamene a cipatala akacha cochlea.

Dzinali si la Cingelezi ai. Agriki akale anacha nkhono kochlias, ndipo Aroma analitenga nati cochlea. M'caka ca 1561 Gabriele Falloppio, sing'anga wophunzitsa ku Padua m'dziko la Italy, anafotokoza kanthuka m'buku lace ndi dzina lomweli, pakuona kuti kazungulira kawiri ndi theka monga cigoba ca nkhono ya m'dimba. Akadakhala Mnyanja akadangoti nkhono, ndipo sakadalakwa.

Phokoso ligwedeza kacikopa ka m'khutu konga ka ng'oma. Timafupa titatu tipereka kugwedezako kwa madzi odzala m'nkhonomo. Ndipo madziwo aweramitsa timaubweya, ciwerengero cace ngati 15,000, timene tiuza bongo. Alfonso Corti ndiye anafotokoza malo a timaubweyati m'caka ca 1851. Tsono cozizwitsa ndi ici: mau onse samveka pamodzimodzi. Mau aang'ono, monga a nyenje, amveka pakhomo pa nkhono. Mau akuru, monga a mathithi aja, apita kufikira kunsonga. Georg von Békésy analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1961 cifukwa ca kusonyeza cimeneci.

Koma tamverani, abale. Tsitsi mukameta limeranso. Timaubweya iti tikafa tafa. Phokoso la cigayo ndi la makina ocekera matabwa litiononga pang'onopang'ono, kopanda kuwawa, ndipo tiyamba kufa ndi ta mau aang'ono. Cifukwa cace munthu wotere amva ng'oma bwino lomwe, koma mau a mdzukulu wace amsokonekera. Apo ena amnena wamwano, ena ati amlodza, ndipo onsewo amlakwira. Mukalankhula naye, mpenyetsetseni nkhope, nimunene pang'onopang'ono, osapfuula. Ndipo mnyamata wanu akalowa nchito pacigayo, afunse zotsekera m'makutu tsiku loyamba lomwelo.