Phunziro 7: Ntchito ya Maluwa ndi Mitengo Imafunanso Sukulu

Ambiri a ife tikamva za munthu wosamalira maluwa timaganiza za wotchetcha kapinga kunyumba kwa bwana, amene mpaka imvi kumutu akutchedwabe "gadeniboyi". Dzina limeneli tinatengera kwa atsamunda, ndipo latipweteka. Makolo safuna kulipirira mwana maphunziro a ntchito yotere, ndipo olemba ntchito amapereka malipiro ochepa ponena kuti khasu angagwire wina aliyense.

Tiyeni tione ntchito imodzi yokha, ya kumezanitsa mango. Mtengo womera kuchokera ku njere umatha zaka 5 kapena kuposerapo usanabereke. Ndiponso mitundu ina monga Kent ndi Tommy Atkins, ukabzala njere yake, zipatso sizifanana ndi za mtengo umene njereyo inachokera. Tsono wodziwa ntchito amafesa njere za mango a makolo m'machubu, pakuti mizu yake inazolowera nthaka yathu. Mbande ikanenepa ngati pensulo, amaidula ndi kuing'amba pang'ono pamwamba. Kenaka amatenga kamphukira ka mtengo wa mtundu wabwino, n'kukasema mbali ziwiri, n'kukalowetsa mumng'alu muja ndi kumanga ndi pulasitiki kuti madzi asalowe. Chinsinsi chagona pa kansalu kobiriwira ka kunsi kwa khungwa: ngati ka mbande ndi ka mphukira sitikhudzana, ntchito yonse yapita pachabe. Mpeni wobuntha kapena wakuda umaphanso mbande zambiri. Mtengo womezanitsidwa bwino umabereka pa zaka 3 kapena 4. Zimenezi munthu sangazidziwe pongoonerera.

Wokongoletsa malo nayenso ayenera kudziwa kumene madzi a mvula amalowera, ndiponso kuti bulugamu sabzala pafupi ndi nyumba kapena chitsime.

Nanga maphunzirowa amapezeka kuti? Ku Bunda, imene kale inali nthambi ya Yunivesite ya Malawi koma kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR, kuli digiri ya ulimi wa zipatso, ndiwo zamasamba ndi maluwa. Ku Natural Resources College, ku Lilongwe komweko, kuli dipuloma. Konseku amafuna setifiketi ya MSCE yokhoza bwino sayansi. Amene sanafike pamenepo asataye mtima: bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a luso la manja, ndipo alangizi a zaulimi m'madera mwathu amaphunzitsa kusamala nazale. Ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kuli malo a boma ofufuzira za mbewu zimenezi.

Gawo 31 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapatsa wantchito aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera. Komabe tikudziwa kuti wopanda pepala mawu ake amachepa pamaso pa bwana. Taganizani za ana athu ambiri amene akusamalira maluwa m'nyumba za ku Johannesburg: luso ali nalo ndithu, koma alibe chosonyeza.

Zokambirana mu mphakati: Kodi m'dera lathu muli ndani wodziwa kumezanitsa mitengo, ndipo waphunzitsako achinyamata angati? Amene tinalemba munthu wosamalira pakhomo, timamutchula dzina lanji, ndipo timamulipira zingati pamwezi?