Kiliniki ya BP Iyamba ndi Kupima

BP yokwera nthawi zambiri siionetsa cizindikiro, koma ibweretsa sitiroko ndi matenda a mtima ndi impso. Motero kiliniki yofuna kuteteza mitima iyenera kupima wamkulu aliyense, ngakhale wabwera ndi cifuwa cabe.

BP ikafika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, anamwino alembe dzina m'kaundula, apimenso shuga, ndi kupereka khadi la tsiku lobwerera. Wosabwerera atsatiridwe kunyumba m'komboni.

Inu a m'banja, sungani khadilo. Musaleke mankhwala cifukwa mwamva bwino. Mcere usafike magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kosadzaza. Pakamwa pakapotoka kapena dzanja likafooka mwadzidzidzi, thamangirani kucipatala.