ULENDO WA TSAMBA LA FODYA: KODI UDINDO WA KAMPANI UMATHERA PATI?

Mau oyamba

Dera la Namwera, m'boma lathu lino la Mangochi, ndi lodziwika kuyambira kale ndi maesiteti a fodya. Komanso kwa zaka zambiri mabanja a kuno, pamodzi ndi ena a ku Machinga, Mulanje ndi Thyolo, ankakwezedwa m'malole kupita ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba kukakhala matenanti. Tsono nkhani ya fodya si yachilendo kwa ife aseminale, pakuti ena mwa ife fizi yathu imachokera m'mabelo omwewo. M'phunziro lino tilondola tsamba la fodya kuchoka m'munda mpaka kukafika kunja, ndipo tidzifunse: mwana akavutika m'munda kuno, kodi kampani ya ku London kapena ku America ili ndi mlandu?

Njira imene tsamba limayenda

Mlimi amafesa nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Mabelowo amapita ku okushoni ya ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma kapena Mzuzu. Kumeneko amagulidwa ndi makampani monga Limbe Leaf, imene ndi nthambi ya Universal Corporation ya ku America, Alliance One ndi JTI. Makampaniwa amakonza fodyayo m'mafakitale, nkumutumiza kudzera m'madoko monga Beira ndi Durban kwa opanga ndudu m'maiko ambiri.

Taonani kuchuluka kwa manja amene tsambali ladutsamo. Wopanga ndudu samdziwa mwini esiteti, ndipo wosuta samdziwa amene anathyola tsambalo. Apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa aliyense angathe kuloza mnzake chala nkumati, ine ndangogula chabe.

Moyo wa tenanti

Pa dongosolo la utenanti, mwini esiteti ankapatsa banja munda, mbeu, feteleza ndi phoso mwa ngongole. Pakutha pa nyengo iye yemweyo ndiye ankagula fodyayo pa mtengo woika yekha, nkuchotsera ngongole zonse. Banja linkagwira ntchito miyezi yambiri osaona ndalama m'manja, likungodalira lonjezo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mabanja ena ankatsala ndi ndalama zochepa zedi, ena ankatsala ndi ngongole imene inkawamangirira pa esitetiyo chaka chinanso.

Popeza tenanti analibe ndalama zolembera aganyu, ankagwira ntchitoyo ndi mkazi ndi ana ake. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lonena kuti ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno. Mwana akamagwira masamba onyowa, chikonga chimalowa kudzera pa khungu, ndipo amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Zonsezi zinkachitika ngakhale kuti lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosafika zaka 18.

Udindo wa kampani n'chiyani?

Anthu ambiri akamva za udindo wa makampani pa chitukuko cha anthu, amaganiza za mjigo, buloko ya sukulu, kapena mipira ndi mayunifolomu a timu ya m'mudzi. Zimenezi n'zabwino ndithu, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri: mphatso ndi ngongole. Mjigo ndi mphatso. Kampani ingathe kupereka kapena ayi. Mtengo woyenera wa fodya ndi malipiro okwanira kudyetsa banja si mphatso, koma ngongole ya chilungamo. Sukulu yomangidwa bwino ipindulanji ngati ana oyenera kuphunziramo ali m'chigafa chifukwa makolo awo sangathe kulipira waganyu?

M'chaka cha 2011 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zotsogolera malonda ndi ufulu wa anthu, zimene anakonza John Ruggie. Mfundozi zili pa mafuwa atatu. Loyamba, boma liteteze anthu ake. Lachiwiri, kampani ilemekeze ufulu wa anthu, ndipo ifufuze bwino za katundu amene ikugula, kumene wachokera ndi m'mene wapangidwira. Lachitatu, wolakwiridwa akhale ndi kokadandaula ndi kulandira chipepeso. Mwachidule, kampani singabisale kumbuyo kwa mau oti sindinadziwe, ngati sinafune n'komwe kufunsa.

Zimene zinachitika mu 2019 mpaka 2021

Pa 1 November 2019, ofesi yoona za katundu wolowa m'dziko la America inalamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi azigwidwa pa doko, ponena kuti panali umboni wa ntchito yokakamiza, ngakhale kwa ana. Kwa dziko limene kwa zaka zambiri lakhala likupeza pafupifupi theka la ndalama zakunja kuchokera ku fodya, iyi inali nkhani yodetsa nkhawa. M'chaka cha 2020 chiletsochi chinachotsedwa pa fodya wa Alliance One ndi Limbe Leaf, makampaniwa atapereka umboni wa m'mene amayendera ndi kuunika alimi awo.

Mu December 2020, maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu la ku London m'malo mwa Amalawi oposa 7,000, akulu ndi ana, motsutsana ndi British American Tobacco ndi Imperial Brands. Makampaniwa anaukana mlanduwo, ndipo anapempha khoti kuti liutaye, ponena kuti alimiwo analibe umboni wakuti fodya wawo ndi amene anafika m'mafakitale awo. Mu June 2021 woweruza anakana pempholo, nalola kuti mlandu upitirire. Tiyeni timvetse bwino: khoti silinanene kuti makampaniwo ndi olakwa ayi, linangoti madandaulo a alimiwo ndi oyenera kumvedwa. Komabe phunziro lilipo: tenanti wa kumudzi angathe kuitanitsa kampani yaikulu ku bwalo la milandu la kwawo komwe.

M'chaka chomwecho cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la za ntchito, nithetsa utenanti m'dziko muno. Koma lamulo palokha silithyola fodya. Mwini munda ayenera kukhala ndi ndalama zolipira antchito mwezi ndi mwezi, ndipo ndalamazo zimachokera pa mtengo umene wogula wapereka. Mtengo ukakhala wotsika, katunduyo amagwera wofooka kwambiri, ndiye mwana.

Mpingo ukutiphunzitsa zotani?

Pa Deuteronomo 24:14-15 ndi pa Yakobe 5:4 Malembo akudzudzula mwamphamvu kumana wantchito malipiro ake. Papa Leo XIII, m'kalata ya Rerum Novarum ya mu 1891, anaphunzitsa kuti ngakhale wantchito atavomera yekha malipiro ochepa chifukwa cha umphawi, chilungamo chimakhala chitaphwanyidwabe. Papa Yohane Paulo II, mu Laborem Exercens ya mu 1981, anafotokoza kuti kupatula bwana amene walemba munthu ntchito, palinso olemba ntchito osaonekera: maboma, makampani akuluakulu ndi mapangano a malonda amene amaumba mitengo ali kutali. Iwonso ali ndi udindo. Kuno kwathu, kalata ya Aepiskopi ya pa 8 March 1992, imene inasindikizidwa ku Balaka mu dayosizi yathu, inadandaula za malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika ya mbeu za alimi.

Mau otsiriza

Abale anga, ena mwa ife adzakhala ansembe m'maparishi mmene mwini esiteti ndi wantchito wake amakhala pa benchi limodzi. Ena adzakhala maloya, alangizi a zaulimi kapena ogula mbeu. Tsiku lina kampani idzabwera ndi malata a tchalitchi kapena mabuku a sukulu. Tidzalandire mwaulemu, koma mphatsoyo isadzatitseke pakamwa. Tidzafunsebe: kodi amene anathyola tsamba uja analandira zake?

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani anthu onse amene tsamba la fodya limadutsa m'manja mwawo. Aliyense ali ndi udindo wotani?

2. Fotokozani kusiyana kwa mphatso ndi ngongole ya chilungamo, ndipo mupereke chitsanzo cha kwanu.

3. Parishi kapena seminale ikalemba mlonda, wophika kapena waganyu wa kudimba, iyenera kutsata mfundo ziti mwa zimene taphunzirazi?