PHUNZIRO: KUKONZA MUNDA WATSOPANO MVULA ISANAFIKE

Abale ndi alongo a m'mipingo ya ku Nyimba ndi ku Petauke, caka ciliconse pamakhala mabanja amene alandira malo kwa amfumu. Ena ndi ongokwatirana kumene, ena asiya munda wakale umene unaguga. Phunziro ili ndi lanu. Mfundo yake ndi imodzi: munda ukonzedwe mu Julai ndi Ogasiti, kukali kozizira, kuti mvula yoyamba idzakupezeni muli ndi mbeu m'manja, nchito ya khasu itatha.

Cifukwa cofulumirira

Akulu akumbukira cilala ca 1992. Cina cinabwera mu 2024, ndipo pa 29 Febuluwale caka cimeneco boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka, cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citauma. Kuno kwathu, makamaka ku cigwa ca Luangwa, mvula imatha kudula pakati pa dzinja. Cimanga cobzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira cimakhala citazika mizu dzuwalo likamafika. Munthu wodikira ng'ombe za mnzake amabzala mocedwa, ndipo mbeu zake ndizo zimayamba kufota.

1. Malire

Musanagwire nkhwangwa, pitani ku mundako ndi amfumu a mudzi pamodzi ndi anansi a mbali zonse. Ikani zizindikilo onse akuona. Mlandu wa malire ukabuka mu Novembala umadya masiku obzalira.

2. Moto

Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi moto wolusa. Lambulani kuzungulira munda wonse kuti moto usalowe. Udzu ndi masamba zimene mwadula musatenthe, ziyaleni pansi. Zimasunga cinyontho, zimaletsa madzi kukokolola nthaka, ndipo ciswe cikazidya zimasanduka manyowa.

3. Mitengo

Musagwetse mitengo yonse. Makamaka msangu usiyeni. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya mvula, motero suphimba cimanga, ndipo masambawo amadyetsa nthaka.

4. Maenje

Njira yolima ndi maenje, imene ambiri timaicha gampani, inafalitsidwa ndi bungwe la Conservation Farming Unit limene linayamba mu 1996. Siifuna ng'ombe. Tengani cingwe, mangiranipo zotsekera za mabotolo motalikirana masentimita 70. Kokani cingweco modutsa kutsetsereka kwa munda, osati motsatira kumene madzi amathamangira. Pa cotsekera ciliconse kumbani dzenje lotalika masentimita 35, m'lifupi 15, kuya 20. Mzere ukatha, sunthani cingwe masentimita 90.

Kuya kumeneku musakucepetse. Ngati malowo ndi tsala, pansi pamakhala nthaka youma gwa pamene khasu kapena pulawo zinkalekezera caka ndi caka. Dzenje likaiboola, madzi amalowa ndipo mizu imatsika. Khasu lolemera la Chaka limathandiza pa nchito iyi.

Lima imodzi, ndiko kuti mamita 50 mbali zonse, imalowa maenje pafupifupi 4,000. Banja lokumba maenje 100 pa tsiku limamaliza pa masiku 40. Mukayamba kuciyambi kwa Ogasiti, mudzatsiriza mu Seputembala, dzuwa la Okutobala lisanafike. Ndi bwino kukonza lima imodzi mokwanira kusiyana ndi kupalasapalasa hekitala yonse. Maenjewo ndi okhalitsa, caka camawa mudzangowafukula pomwepo.

5. Manyowa

Yambani lero kutuuta manyowa a m'khola la mbuzi, ng'ombe kapena nkhuku, ndi kuwaunjika pa mthunzi. Mu Seputembala ndi Okutobala ikani odzaza manja awiri m'dzenje lililonse, kenaka bwezerani nthaka, koma musadzazitse. Siyani kampata ka masentimita 5 kuti madzi a mvula aziima mmenemo. Manyowa ocepa amene sakanakwana kumwaza munda wonse amakwana m'maenje, pakuti afika pa muzu penipeni.

6. Mbeu

Musabzale cimanga cokhacokha. Gawani munda patatu: cimanga cocedwa pang'ono kuca, mapira amene amapirira dzuwa, ndi nshawa kapena nyemba. Caka cotsatira sinthanitsani magawowo. Mbeu ya m'nkhokwe iyeseni tsopano. Ikani njere 100 m'thumba lonyowa, mudzawerenge zimene zamera pakatha sabata. Zikamera zocepa, nthawi yofuna mbeu ina ikalipo. Za mbeu yoyenera dera lanu funsani mlangizi wa zaulimi.

Tithandizane

Mutu umodzi susenza denga. Pakati pathu pali amai amasiye, okalamba ndi odwala amene sangathe maenje 4,000. Anthu khumi okumba maenje 100 aliyense amatha lima imodzi pa masiku anai okha. Akulu a mpingo, Cigwirizano ca amai ndi acinyamata apangane tsiku limodzi pa sabata, ayambire ku munda wa wofooka.

Mafunso okambirana

1. Caka catha, banja lanu linabzala patapita masiku angati kucokera pa mvula yoyamba? Cinakucedwetsani n'ciani?
2. Ndani m'dera lanu amene ali ndi munda watsopano koma alibe omuthandiza?
3. Gulu lanu liyamba kukumba tsiku liti, ndipo ndani abweretse cingwe ndi makasu?