Phunziro 14: Kutsuka Galimoto

Atate ake a Dalitso amayendetsa takisi ku Chipata. M'nyengo ya cilimwe galimoto yao imacita fumbi kwambiri. Anthu safuna kukwera takisi yauve.

Pa Ciweru m'mawa, atate anaimika galimoto pamthunzi. "Padzuwa sopo amauma msanga, amasiya mawanga," iwo anatero.

Dalitso anabweretsa mabeketi awiri a madzi. Anaona zitosi za mbalame zitaumira pa boneti. Anathamanga kukatapa mcenga, monga amacitira amai pokweca mapoto.

"Iwe Dalitso, leka!" atate anakuwa. "Galimoto si poto iai. Mcenga umakanda penti. Penti ikacoka, citsulo cimacita dzimbiri. Thirapo madzi, zitosizo zifewe zokha."

Poyamba anathira madzi pa galimoto yonse kuti fumbi litsike. Kenaka anatsuka ndi sopo ndi kansalu kofewa, kuyambira pamwamba kupita pansi. Matayala anawatsuka pothera, ndi nsalu ina, cifukwa ndiwo amanyamula matope ndi timiyala.

Atatsukuluza ndi kupukuta, atate anapaka polishi pang'ono cabe. Polishi imateteza penti ku dzuwa ndi mvula. Dalitso anapukuta, napukuta, mpaka anadziona pa citseko.

"Atate, onani! Ngakhale mano anga aoneka!"

Mafunso
1. Kodi atate ake a Dalitso amagwira nchito yanji?
2. N'cifukwa ciani anaimika galimoto pamthunzi?
3. Kodi mcenga umacita ciani pa penti?
4. Lembani zinthu zitatu zofunika potsuka galimoto.