NYUZIPEPALA M'KALASI YA OPHUNZIRA NTCHITO YOSAMALIRA ANA

Anyamata ndi atsikana amene amaphunzira ntchito yosamalira anthu, monga a pa sukulu ya Magomero m'boma la Chiradzulu, ali ndi mabuku awo. Koma buku silinena za mwana amene wasiya sukulu mwezi watha. Chifukwa chake mphunzitsi achita bwino kudula nkhani za ana m'nyuzipepala ndi kubwera nazo m'kalasi.

Nachi chitsanzo. M'chaka cha 2016 nyuzipepala ndi mawailesi, ngakhale a kunja, analengeza kuti Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana oposa 850, niimitsanso mafumu amene analola maukwatiwo. Ophunzira adzaomba m'manja, ndipo nkoyenera. Koma mphunzitsi asatsekere phunziro pomwepo. Afunse kuti: mtsikana uja atachoka kwa mwamuna, anakagona kuti? Ngati ali ndi khanda, akulilera ndani pamene iye ali ku sukulu? Makolo amene anamkwatitsa chifukwa cha njala, kodi njalayo inatha? Mtolankhani amalemba za tsiku limodzi napita kwina, koma wosamalira ana amatsala ndi mwanayo zaka zambiri.

Atatero atsegule malamulo. Lamulo la maukwati la 2015 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inachotsa mphamvu imene makolo anali nayo yovomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu.

Tsono nkhaniyo aisamutse, aibweretse ku Malosa, m'dziko la Mfumu Malemia. M'midzi yambiri ya m'chigwa cha Domasi ukwati ngwa chikamwini, ndipo pa nkhani ya mwana mau a mwinimbumba amalemera koposa a bambo womubala. Wophunzira amene angathamangire kwa bamboyo nalumpha malume ake a mwana adzabwerako chimanjamanja. Alembe anthu amene angawaone poyamba ndi amene angawaone pambuyo: nyakwawa, anankungwi, shehe kapena wansembe, mphunzitsi wamkulu, ndi anamwino a pa chipatala cha St Luke's ngati mtsikanayo ali ndi pakati. Adziwenso nambala ya 116, imene mwana wovutika amaimba kwaulere.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaiwalika. Lamulo loteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa dzina la mwana amene nkhani yake ili m'bwalo la milandu ya ana, koma nkhani zina zimatuluka ndi dzina la mudzi, la sukulu, mwinanso chithunzi. Mphunzitsi afute zonsezi ndi inki asanalowe m'kalasi, pakuti mwina mwa ophunzirawo muli mbale wake wa mwanayo.